Opaleshoni yolumikiza mafupa a msana ndi kuyeza disiki: mafunso amene anthu amandifunsa kuno ku Salima

Chipangireni opaleshoni ya msana ija anthu sandipatsa mpata, kumsika, kutchalitchi, olo pa depoti ndikudikira minibasi ya ku Nkhotakota, funso lake ndi lomwelomwelo, "amayi, eti anakuikani zitsulo?" Nde ndangoti ndilembe pamodzi zomwe ndimafunsidwa kawirikawiri kuti ndizingotumiza basi. Ine sindine dokotala, ndine mayi wa geni ya mpunga, ndakhala ndikupikula ku Lifuwu ndi ku Nkhotakota zaka zambiri, matumba ake ndinkakweza ndekha. Zomwe zili apa ndi zomwe ndinadutsamo, ndi zomwe madokotala anandifotokozera ndikamawatopetsa ndi mafunso.

Amayi, disiki yomwe mumanenayo nde chani?

Msana si fupa limodzi, ndi timafupa tosanjikizana. Kumunsi kuno cham'chiuno kuli mafupa 5 akuluakulu, madokotala amawatchula L1 mpaka L5, kenako pansi pake pali fupa lalikulu lomwe mutu wake amati S1. Pakati pa fupa ndi fupa pali kakhushoni, kunja kolimba ngati tayala mkati mwake mofewa ngati phala lolimba, imeneyo nde disiki. Ntchito yake ndi yoti mafupa asamakhulane komanso muzitha kuwerama. Kumbuyo kwake kumadutsa mitsempha yopita kumiyendo, nchifukwa chake disiki ikaphulika kapena fupa likasuntha ululu umatsika mpaka kuchala cha kuphazi pomwe vuto lili m'chiuno. Malo amene amavuta kwambiri ndi awiri omalizawo, L4-L5 ndi L5-S1, poti katundu yense wa thupi amathera pamenepo.

Nde pa opaleshoniyo amapanga chani kwenikweni?

Amatenga mafupa awiri amene akugwedezeka nkuwapanga kuti amere akhale fupa limodzi, achizungu amati fusion. Amaboola mafupawo nkumanga masikuluu, kwa ine anaika 4, awiri pa L5 awiri pa S1, nkulumikiza ndi timitengo tachitsulo tiwiri. Nthawi zambiri amachotsa disiki yowonongekayo nkuikapo kabokosi kakang'ono kodzaza ndi tizidutswa ta fupa, fupalo amatenga pomwepo pamene adulapo kapena amakasema pa fupa la m'chiuno mwanu.

Chomwe anthu ambiri samva ndi ichi, zitsulozo si zomwe zimachiza ayi. Zili ngati matabwa amene amisiri amagwiriziza lintala kudikira simenti iwume. Chochiza ndi fupa lanu lomwe likamera nkugwirana, ndipo limatenga miyezi 6 mpaka chaka, ena kuposerapo. Fupa likapanda kumera masikuluu aja pakapita nthawi amakhwefuka kapena kuthyoka kumene.

Komanso si opaleshoni iliyonse ya msana yomwe ili fusion. Pali ina yongochotsa kachidutswa ka disiki kamene kakupana mtsempha, pali ina yokuza njira ya mitsempha, zimenezo saika zitsulo ndipo munthu amachira msanga. Funsani dzina lake la opaleshoni yomwe akukuuzaniyo, alembe m'buku lanu la kuchipatala.

Msana ukundipweteka chaka chachiwiri tsopano, ndekuti nanenso ndikufunika zitsulo?

Mwina ayi, ndipo ambiri amene amandifunsa funso limeneli sakufunika. Msana umapweteka pafupifupi aliyense amene anagwirapo khasu kapena kupalasa bwato, ndipo olo ululu wotsikira kumwendo uja, anthu ambiri umachepa wokha pakadutsa masabata 6 mpaka 12 ndi mankhwala ndi mafizo. Fusion imathandiza pamene pali chinthu chooneka chomwe chikugwedezeka kapena chagumuka, monga fupa lotsetsereka kupita kutsogolo pamwamba pa linzake (langa linali limenelo), msana wothyoka pangozi, mafupa odyedwa ndi TB kapena chotupa, kapena msana wopindika kwambiri. Ndipo imathandiza kwambiri ululu wa kumwendo ndi dzanzi kuposa ululu wa pamsana penipenipo, ichi ndibwerezanso kumapeto chifukwa ndi chomwe anthu amakhumudwa nacho.

Ku England bungwe lolangiza madokotala la NICE linanena mu 2016 kuti munthu asamapangidwe fusion chifukwa cha kupweteka kwa msana kokha, pokhapokha ngati ali mu kafukufuku. Dziko loti zipangizo zili mbwee koma akuti dekhani. Nde ife tisathamangire kugulitsa poloti chifukwa choti msana wauma.

Nanga ndi ziti zoti ndikaona ndisadikire?

Apa nde musachedwe ndi za mphini kapena zokapemphereredwa kaye, pempherani muli pagalimoto. Mkodzo ukamakana kutuluka kapena ukamangotuluka osadziwa, chimbudzi chimodzimodzi, mukamva dzanzi kumaliseche ndi pakati pa matako moti podzipukuta simukumva kanthu, miyendo yonse iwiri ikamafooka, kapena phazi likamakwakwaza pansi patapata nkumavuka yekha, pitani tsiku lomwelo. Mitsempha ya pansi ikapanidwa nthawi yaitali siyibwereranso olo opaleshoni ikhale yabwino bwanji.

Zina ziwiri ndi za kwathu kuno. Choyamba TB ya msana, munthu amaonda, thukuta usiku, ululu wosasiya olo agone, nthawi zina pamsana pamatuluka kalinunda kosongoka, ndipo sikuti mpaka akhale akutsokomola. Imeneyi mankhwala ake ndi a TB omwewa aulere aja, kungoti amamwa nthawi yaitali kuposa ya m'mapapo, ambiri amachira osapita ku fiyeta. Ndipotu opaleshoni ya fusion inayambira pa matenda omwewa, mu 1911 ku New York madokotala awiri, Albee ndi Hibbs, ankalumikiza misana ya anthu a TB nthawi imeneyo mankhwala ake kulibe. Chachiwiri ndi likodzo. Ife a ku Senga Bay, Chipoka, Chia, tonse osamba ndi kuchapa m'nyanja, mazira a likodzo nthawi zina amakafika mu mtsempha waukulu wa msana nkupangitsa ululu m'chiuno, miyendo kufooka, mkodzo kuvuta. Si zochitika kawirikawiri koma zimachitika, ndipo imeneyo ndi ya mankhwala osati mpeni, nde muwauze adokotala kuti mumakhala kunyanja.

Ndiyambire kuti kuno kwathu?

Pachipatala cha boma pa Salima kapena pa Nkhotakota, funsani kwa a mafupa, kumakhala ma clinical officer ophunzira za mafupa, ndipo X-ray amajambula pompo. Fupa lotsetsereka limaoneka bwino akakujambulani cham'mbali mutaimirira, ena amajambula mutawerama kenako mutapindikira kumbuyo kuti aone ngati likusuntha. Akaona kuti nkhaniyo ndi yaikulu amakulemberani kalata ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli LION, chipatala cha mafupa ndi mitsempha chomwe chinatsegulidwa mu 2023. MRI, makina ojambula amene amaonetsa madisiki ndi mitsempha yomwe, pa Salima kapena pa Nkhotakota simungaipeze, ndi ya kumizinda ikuluikulu ngati ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Ine ndinataya pafupifupi chaka pa kakiliniki kena kolipira komwe ankangondibaya jakisoni wa ululu sabata ndi sabata osandijambula nkamodzi komwe, ndikadandaula ati amayi ndi kukula kumeneko, mpaka m'mimba munayamba kuotcha ngati ndamwa palafini. Jakisoni akakufikani kachitatu pa vuto lomwelo, funsani kuti kodi chikupweteka nchani.

Pepala la MRI alemba kuti madisiki anga atha, ndachita mantha

Musachite mantha ndi pepala, MRI imaona zonse ndi zosapweteka zomwe. Kafukufuku wina wa mu 2015 anaphatikiza zithunzi za anthu oti msana sukuwapweteka nkomwe, anapeza kuti mwa anthu 100 a zaka 20, anthu 37 madisiki awo anali atayamba kale kutha, ndipo mwa a zaka 80 anali 96. Ndi ngati imvi, kungoti izi zili mkati. Dokotala wabwino amayang'ana ngati chithunzicho chikugwirizana ndi zomwe mukumva, ngati mtsempha wopanidwa uli kumanzere dzanzinso likhale mwendo wa kumanzere, malo ake enieni. Akangoyang'ana chithunzi osakugwirani, osakuyendetsani ndi zidendene ndi zala, nkunena tsiku la opaleshoni, kapezeni wina amvenso.

Asisi, discogram yomwe anakupangani ndi chani, inapweteka?

Discogram ndi kuyeza kobaya madisiki ndi singano kuti adziwe yomwe ikubweretsa ululu. Inapweteka, ndipo cholinga chake nchoti ipweteke kumene, apa nde pamene anthu amadabwa. Ine opaleshoni ndinakapangira ku India, abale anasonkha ine nkugulitsa kamalo kanga. Fupa lotsetsereka linali pa L5-S1 koma disiki ya pamwamba pake inkaonekanso yakuda pa MRI, nde dokotala ankafuna adziwe ngati alumikize malo amodzi kapena awiri.

Anandigoneka chafufumimba pa kabedi kopapatiza m'chipinda chozizira ngati mufiriji, pamwamba pali makina a X-ray ozungulira ngati chikwakwa. Sagonetsa tulo, amangokupatsa mankhwala pang'ono oti mtima ukhale pansi chifukwa amafuna uziyankha. Anapha khungu ndi jakisoni kenako nkulowetsa masingano aatali owonda cham'mbali mwa msana mpaka pakati pa disiki iliyonse, akuyang'ana pa sikirini, atatu onse. Kenako amapopera mankhwala ooneka pa X-ray mu disiki imodzi imodzi osakuuza kuti ndi iti, nkumafunsa, ukumva chani, ululu wake ndi womwe uja wa masiku onse kapena wachilendo, pa 10 ungaupatse zingati. Yoyamba ndinangomva kulemera ngati munthu wandikhalira. Yachiwiri inapweteka ndithu koma ululu wake wina, wosaudziwa. Yachitatu, mayo ine, ndinakuwa m'Chichewa anamwino achimwenye nkumayang'anizana, unali ululu womwe uja unkandigwira ndikatsitsa thumba la 50 kg pa kabaza, wotsika kutako mpaka kukatumba. Atamaliza anandipititsa ku makina ena ojambula otchedwa CT kuti aone mmene mankhwala aja adonthera m'ming'alu ya disiki. Zonse sizinakwane ola limodzi koma masiku atatu otsatira ndinkayenda ngati gogo.

Nde analumikiza malo amodzi okha.

Nanenso ndikapangitse discogram ndisanavomere opaleshoni?

Maganizo anga, osaifunafuna. Ndinadzamva pambuyo pake, mwana wanga atafufuza pa intaneti nkukafunsanso adokotala, kuti madokotala okhaokha sagwirizana za kuyeza kumeneku. Kunayamba kalekale, ku Sweden cha mu 1948, MRI kulibe. Vuto lake loyamba nloti yankho limachokera pakamwa pa munthu wamantha amene wabayidwa singano, ndipo anayesapo anthu oti msana suwavuta ena mwa iwo nkumva ululu ndithu, ndekuti disiki ikhoza kunamiziridwa. Lachiwiri, dokotala wina wa ku Stanford ku America, Eugene Carragee, ndi anzake anatsatira anthu kwa zaka 10 nkulengeza mu 2009 kuti madisiki amene anabayidwa ankatha msanga kuposa a anthu amene sanabayidwe. Ndekuti disiki yabwinobwino yomwe amabayanso yongofananizira imalipira mlandu wa inzake. Palinso ngozi, olo ndi yosowa, yoti tizilombo tilowe mu disiki, ukatero ndi ululu woopsa ndi masabata ambiri a mankhwala.

Nde ngati dokotala akuifuna mufunseni kuti yankho lake lisintha chani pa zomwe akufuna kupanga. Kwa ine linasintha, malo awiri anakhala amodzi. Koma ngati X-ray ndi MRI sizikuonetsa chogwedezeka chilichonse, miyendo ili bwinobwino, ndipo chifukwa chokhacho chokuikirani zitsulo nchoti munakuwa pa discogram, ine ndingakane. Onaninso yankho lija la amene akufunika zitsulo.

Anthu amati ukapangidwa opaleshoni ya msana suyendanso, nzoona?

Apongozi anga analira ngati maliro tsiku lomwe ndinkanyamuka. Si zoona mmene anthu amanenera. Mtsempha waukulu uja umathera cha pa L1 kapena L2, kumunsi komwe amagwira ntchitoku kumakhala timitsempha togawikana kale, nde kufa miyendo yonse nkosowa kwambiri. Koma ngozi zilipo ndipo adzakusainitsani, bala kulowa tizilombo, kutaya magazi ambiri mpaka kuwonjezeredwa, mtsempha umodzi kukhudzidwa phazi nkufooka kapena kuchita dzanzi, kathumba ka madzi a mumsana kubooka, magazi kuundana m'mwendo, ndi fupa kukana kumera kuja. Ena mwa anthu amene mumamva kuti sanayendenso anapita mochedwa miyendo itafa kale, opaleshoni nkungosenza mlandu.

A shuga, shuga atsike kaye. Amene muli pa ma ARV musabise ndipo musasiye kumwa, sikuti amakukanizani opaleshoni chifukwa cha zimenezo, amangofuna aone kuti tizilombo tagona.

Masiku oyamba zimakhala bwanji?

Ndinadzuka ndili ndi chubu cha mkodzo, kachubu kena kotulutsa magazi pabala, ndi msana ngati wandiponda thirakitala, koma mwendo uja unali zii, koyamba pa zaka zitatu. Mawa lake lomwe a fizo anabwera ati dzukani, ine nkumati anthu awa ndi amisala, koma ndinaima nkuyenda mpaka pakhomo. Amakuphunzitsa kutembenuka thupi lonse pamodzi ngati chipika, mapewa ndi chiuno nthawi imodzi, kenako kutsitsa miyendo nkudzikankha ndi chigongono. Chomwe sanandichenjeze ndi kudzimbidwa, mankhwala amphamvu a ululu aja amamanga m'mimba, ndinatha masiku 4 ndipo kukankha sungakankhe. Imwani madzi, papaya, masamba, ndipo pemphani mankhwala ofewetsa musachite manyazi. Gadiyani akhale munthu wamphamvu komanso wosanyansidwa.

Kunyumba nde mumatani, poti kwathu kuno zonse nzowerama?

Ili nde funso lenileni, ndipo madokotala a kunja saliganizira chifukwa iwo akuganiza kuti kwanu kuli toileti yokhalira ndi shawa. Lamulo ndi loti kwa miyezi itatu yoyamba osawerama, osapotoloza chiuno, osanyamula chinthu choposa makilogalamu 4 kapena 5. Tsono werengani, chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20, ndekuti ku mjigo ayi. Kusesa ndi tsache lalifupi ayi, kuchapa chowerama ayi, kusinja ayi, kupeta mpunga kuja kumapotoloza chiuno, kubereka mdzukulu ayi olo alire chotani, kuphika pa mafuwa pansi ayi.

Chimbudzi chokumba nde chinandiliza. Tsiku loyamba nditafika ndinaima pakhomo pake ndi ndodo yanga nkumayang'ana dzenje, kunjuta sindingathe, kubwerera sindingathe. Bambo a kunyumba anatenga mpando wa pulasitiki uja wa pa maukwati nkuuboola pakati ndi mpeni wootcha pamoto, nkuuika pamwamba pa dzenje, nkukhoma mtengo m'mbali woti ndizigwira podzuka. Mpando umenewo wazungulira makomo atatu tsopano, anthu amabwereka. Konzani zimenezi musanapite, pamodzi ndi bedi lokwera bwino chifukwa kudzuka pa mphasa pansi simungathe, mbaula ikwere pa tebulo, ndowa yosambira ikhale pa mpando, ndipo nsapato zikhale zongolowetsa.

Ulendo wochokera ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100 aja, pezani galimoto yoti mugonekeko mpando ndipo muziima nkutsika kuyenda pang'ono. Minibasi ya anthu anayi pa mpando ndi kabaza wa njinga yamoto, iwalani kaye. Koma kugona tsiku lonse nakonso nkolakwika, mankhwala ake ndi kuyenda, ine ndinkayenda m'mawa kusanatenthe, poti dzuwa la ku Salima mukulidziwa, tsiku lililonse kuwonjezera nyumba imodzi.

Pali zoletsedwa kudya kapena kumwa?

Fodya. Ndudu, chingambwe, wa mphuno, wa pansi pa lilime amene amayi ena amabisa uja, yense amachepetsa magazi opita ku fupa ndipo amene amasuta fupa lawo limakana kumera kawirikawiri kuposa osasuta, madokotala ena amakana kumene kupanga fusion mpaka munthu asiye. Bufeni, diclofenac ndi indocid musagule nokha pa golosale miyezi yoyambayi, madokotala ambiri amaletsa poti akhoza kuchedwetsa fupa, funsani kaye. Zakudya palibe choletsedwa, ndipo ife akunyanja tili ndi mwayi, usipa wodya ndi minga yomwe, mazira, nyemba, mkaka ukapezeka. Zoti nsomba imaletsa bala kupola nzabodza.

Zitsulozo sizikoka mphenzi? Adzazichotsa liti?

Ayi sizikoka, mvula yagwa kangapo ndili panja ndilipobe. Zambiri ndi za titanium, sizichita dzimbiri ndipo MRI mukhoza kujambulidwanso, mungowauza. Sachotsa pokhapokha zikuvuta. Nthawi ya mwera, June ndi July, pamalopo pamauma ndi kunyong'onya pang'ono, ndimangomanga chitenje chachiwiri.

Pepani amayi funso lamanyazi, za m'banja zimatheka? Nanga kubereka?

Amene amafunsa ichi amayamba ayang'ana uku ndi uku. Zimatheka, dikirani masabata angapo bala lipole ndipo adokotala avomere, ambiri amati cha pa masabata 6, muyambe modekha chogona cham'mbali kapena chagada, amene sanapangidwe opaleshoni ndi amene agwire ntchito yambiri. Abambo amvetse, asayambe zoti mwasintha. Amayi achitsikana mimba imatheka ndipo ambiri amabereka bwinobwino, kungoti dikirani fupa limere kaye, ndipo ku sikelo muwauze msanga kuti muli ndi zitsulo kumsana chifukwa jakisoni wa pamsana wa pa siza uja amafuna adziwiretu pobaya.

Ndalama zake zingati?

Sinditchula chifukwa kwacha yasintha kangapo chipitireni ine, ndingakunamizeni. Chomwe ndinganene, musawerengere opaleshoni yokha, pali MRI, tikiti ya anthu awiri, malo ogona masabata angapo musanaloledwe kukwera ndege, ndi miyezi yomwe geni idzaime. Yambani mwamva kaye za ku Lilongwe musanaganize za kunja, ndipo amene muli pa MASM kapena sikimu ya kuntchito funsani alembe papepala zomwe alipire.

Nde panopa ululu unatheratu? Mutabwerera m'mbuyo mungapangenso?

Mwendo unachira, dzanzi linatsala pa chala chaching'ono chokha, ndimayenda kuchoka kunyumba mpaka kumsika wa Kamuzu Road osakhala pansi pomwe kale ndinkapuma katatu. Koma msana weniweniwo sunabwerere wa utsikana, m'mawa umauma, ndikakhala nthawi yaitali pa maliro pansi ndimadzuka mogwira anthu. Ndikanapanganso, inde, chifukwa vuto langa linali looneka ndipo mwendo unkafa. Bambo wina wa ku Dwangwa amene tinakumana pa ndege, iye miyendo inali bwinobwino, msana wokha, anamulumikiza malo awiri atapanga discogram ngati yanga, tikamaimbirana amati palibe chasintha kupatula ngongole.

Chinanso anandichenjeza nchoti malo olumikizidwa sapindikanso nde ntchito yake imagwera disiki ya pamwamba, imeneyo ikhoza kutha msanga pakapita zaka, ndipo kwa ine ndi L4-L5 yomwe ija inabayidwa singano. Nde matumba ndinasiya kukweza, ndimalipira anyamata awiri pa depoti, ine ntchito yanga ndi kuloza ndi kuwerenga ndalama, khasu langa analiika mpini wautali ndipo ndimalima ka dimba ka masamba kokha mphindi zochepa nkupuma. Ndikupita kukajambulitsanso X-ray mwezi wa mawa.